Moto wobuka poliza injini ya ndege zophunzirira: gwero lake ndi kathetsedwe kake

Pa ngozi zonse zimene wophunzira kuyendetsa ndege amaloweza m'buku, moto wobuka poliza injini ndi umene ambiri amaupeputsa, chifukwa umachitika ndege ili pansi, mabuleki ali omanga, ndipo munthu amaganiza kuti zikavuta angotsegula chitseko n'kutuluka. Komabe vutoli limabwerabwera m'masukulu ophunzitsa kuyendetsa ndege, makamaka m'mawa kukazizira, ndipo limagwera ndege zomwezo zimene ambiri amayambira, monga Cessna 152, Cessna 172 ndi Piper PA-28. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti motowu kawirikawiri suchokera ku chitsulo chothyoka ayi. Amaukonzera malo ndi manja a woyendetsa yemweyo asanapotokole kiyi, ndipo ukangobuka, chimene mantha amamulamula kuchita ndi chomwe chimaukulitsa.

Kumene mafuta amakadikha

Injini za Lycoming O-235 ndi O-320, zomwe zili m'ndege zambiri zophunzirira, zili ndi kabyuleta, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya, yomangidwa kunsi kwa injini, moti mpweya umalowera pansi n'kumakwera kupita m'masilinda. Mafuta amatha kukwera nawo pokhapokha mapisitoni akamayenda ndi kukoka mpweyawo. Injini ikakhala chiimire, dontho lililonse lotuluka m'kabyuleta lilibe choliyamwa, choncho limatsikira m'kabokosi kolandira mpweya, kunyowetsa sefa, ndipo akachuluka mafutawo amayenderera m'kati mwa chivundikiro cha injini mpaka kudonthera pafupi ndi tayala lakutsogolo. Woyendetsa ali pampando sangaone chilichonse mwa zimenezi, popeza zonse zikuchitika kunsi kwa mphuno ya ndege.

Mafuta a ndegezi, otchedwa avgas 100LL, omwe amathiridwa utoto wabuluu, amatulutsa nthunzi yotha kugwira moto ngakhale kutazizira kufika madigiri pafupifupi 40 pansi pa ziro. Apa m'pamene pamasokoneza ophunzira ambiri. M'silinda yozizira mafuta sasanduka nthunzi mokwanira kuti injini ilire msanga, ndiye munthu amaganiza kuti mafuta achepa n'kuwonjezera ena, pamene kunsi, kumene adikha, nthunzi yakwana kale ndipo ikungodikira lawi.

Lawilo limachokera m'silinda momwemo. Mpweya ukachuluka kuposa nthunzi ya mafuta, kusakanizako kumayaka pang'onopang'ono, mwakuti valavu yolowetsa mpweya imatha kutseguka moto usanazime, ndipo lawi limabwerera m'mbuyo kudzera m'mapaipi mpaka kukabyuleta. Amakaniko amati injini yachita backfire. Zikachitika kabokosi kali kouma, mumangomva phokoso lakuti phu, basi. Zikachitika kabokosi kali konyowa ndi mafuta, moto wayamba.

Zolakwa za manja

Chizolowezi choopsa kuposa zonse ndi kupopa throttle, chogwirira chowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini, injiniyo isanayambe kuzungulira. Makabyuleta ambiri ali ndi kapampu kamene kamafayira mafuta pakhosi pa kabyuleta nthawi iliyonse throttle ikakankhidwa mwamsanga, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kuthandiza injini imene ikulira kale kuti isatsamwe mukawonjezera mphamvu mwadzidzidzi. Mukakagwiritsa ntchito injini ili chete, mafuta onsewo amagwera pansi. Pali mabuku a ndege zina amene amalola kupopa throttle pang'ono, koma ngakhale pamenepo nzeru yake ndi yakuti muzichita zimenezi sitata ikuzungulira, pamene pali mpweya wokweza mafutawo. Ine ndimaona kuti wophunzira amene sanazoloweretu ndi bwino asaphunzitsidwe njirayi konse ngati ndege yake ili ndi primer, kapampu kamanja kothirira injini mafuta isanalizidwe, yogwira ntchito, chifukwa kusiyana kwa kupopa kwabwino ndi koopsa ndi sekondi imodzi yokha, ndipo munthu amene mtima uli m'mwamba saisunga sekondi imeneyo.

Primer inapangidwira ntchito imeneyi. Imatumiza mafuta kudzera m'timapaipi tating'ono molunjika pakhomo pa masilinda, pamwamba pa kabyuleta. Koma nayonso ikapitirira muyeso, mafuta otsala amatsetsereka m'mapaipi a mpweya kubwerera kunsi komweko. Buku la Cessna 172N limanena kuti mupope kuyambira kawiri mpaka kasanu ndi kamodzi malinga ndi kuzizira, ndipo musapope n'komwe injini ikakhala yotentha, throttle ili yotsegula pang'ono chabe, pafupifupi mamilimita atatu. Manambalawa ndi a ndege imeneyo yokha, choncho aliyense atsegule buku la ndege yake. Popopa, kokani chogwiriracho pang'onopang'ono, mudikire kuti chidzaze, kenako mukankhe mpaka mumve kulimba kwake, ndipo mukamaliza muchitsekere bwino m'malo mwake. Musachedwenso kuliza mukatha kupopa, pakuti mafuta amene mwawaika pakhomo pa silinda sadikira, amayamba kutsika nthawi yomweyo.

Moto wambiri umakonzedwa pa kuyesa kwachiwiri ndi kwachitatu. Injini yakana, wophunzira wachita manyazi pamaso pa mphunzitsi kapena pa ndege zina zimene zikudikira, ndiye akupopanso katatu, ikanenso, apopenso. Musanawonjezere dontho lina, dzifunseni ngati injini ili ndi njala kapena yakhuta, chifukwa zizindikiro zake n'zosiyana. Injini imene mafuta achepa siyesa n'komwe kulira, imangozungulira chete. Imene yakhuta imalira mofooka modukizaduka, kutulutsa utsi wakuda kuekizozi, ndipo nthawi zambiri fungo la mafuta limamveka mpaka m'kati. Yanjala muiwonjezere pang'ono. Yokhuta muipumitse mafuta: kokani chogwirira cha mixture, chimene chimasintha kuchuluka kwa mafuta osakanizidwa ndi mpweya, mpaka kumapeto kuti mafuta adulidwe, tsegulani throttle yonse, muzungulitse injini maulendo angapo kuti mpweya wokha utsuke masilinda, kenako muyambirenso ndondomeko yoliza popanda kupopa primer. Dzanja likhale pa throttle nthawi yonseyi, chifukwa injini ikhoza kulira mwadzidzidzi ili yotsegula yonse.

Pali malire a njira imeneyi. Ngati fungo la mafuta lakula kwambiri, kapena wina panja akuona mafuta akudontha kunsi kwa mphuno, musazungulitsenso injini. Zimitsani zonse, tulutsani kiyi, tsikani mukaone ndi maso anu. Mukapeza mafuta pansi, kankhani ndege ichoke pamalopo ndipo mudikire kuti kabokosi ndi sefa ziume. Nthunzi ya mafuta ndi yolemera kuposa mpweya, motero imakhazikika pansi pomwepo m'malo mouluka, makamaka tsiku lopanda mphepo.

Sitata nayo ili ndi malire ake. Buku la Cessna 172S limati izungulire masekondi 10, ipume masekondi 20, ndipo mukayesa katatu muisiye izizire kwa mphindi 10. Nthawi yopumayi si yotaya, chifukwa ndi imene imakupatsani mpata woganiza bwino chimene chalakwika. Kumbukiraninso kuti kuyesa kulikonse kumafooketsa batire, ndipo injini yozungulira mwaulesi imakoka mpweya wochepa, kusiya mafuta ambiri m'mapaipi.

Moto ukabuka

Mudzaudziwa ndi phokoso la backfire lotsatiridwa ndi utsi wotuluka m'mbali mwa chivundikiro, fungo la utoto kapena labala wopserera, kapena anthu panja akukodola mwamphamvu. Chizindikiro chovomerezeka cha moto kwa ogwira ntchito pabwalo la ndege ndi kuyendetsa dzanja lamanja pakati pa phewa ndi bondo uku lamanzere likuloza pamene pali motowo, koma munthu wamba amangokuwa ndi kuloza, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti mukhulupirire.

Chinthu choyamba ndi chimene chimavuta kuvomereza: musasiye kiyi, pitirizani kuzungulitsa injini. Mantha amati lekani zonse muthawe, koma mukaleka, mwachotsa mphamvu yokhayo imene ikanakoka malawi ndi mafuta odikha kulowa nawo m'injini, mmene moto uli kwawo ndipo suwononga kanthu. Malawi akasiyidwa okha amakwera m'mwamba n'kuyamba kunyambita mapaipi a mafuta, mawaya ndi chivundikiro. Moto wa m'kabokosi ka mpweya ukagwidwa m'masekondi oyambirira nthawi zambiri umazima ndi kuzungulitsa kokhako.

Pa ndege za Cessna 172, injini ikalira muikweze kufika 1700 RPM (maulendo ozungulira pa mphindi) pa mitundu ya kabyuleta monga 172N, kapena 1800 RPM pa 172S, muisiye choncho kwa mphindi zingapo kuti imeze zonse, kenako muizimitse kuti ikayenderedwe. Ikakana kulira, tsegulani throttle yonse, dulani mixture, pitirizani kuzungulitsa, tsekani valavu ya mafuta, ndipo pomaliza zimitsani magetsi onse ndi magineto (zipangizo zopanga moto wa mapulagi), mutenge chozimitsira moto n'kutuluka. Buku la Piper PA-28 silidikira kuti injini ilire: limati zungulitsani injini, dulani mixture, tsegulani throttle, zimitsani pampu yamagetsi ya mafuta, tsekani valavu ya mafuta, ndipo moto ukapitirira tulukani. Cholinga n'chimodzi m'njira zonse ziwiri, kumana moto mafuta atsopano ndi kuukokera m'kati, koma dongosolo lake ndi losiyana, ndipo wophunzira amene amasinthasintha ndege ayenera kuloweza la ndege imene wakwera tsiku limenelo.

Pali mfundo ziwiri zimene zimaiwalika. Yoyamba ndi yakuti switchi yaikulu ya magetsi ikazimitsidwa sitata imaima, choncho amene amathamangira kuizimitsa poyamba, poganiza kuti magetsi ndi amene akuyatsa moto, wadzilanda chida chake. Imazimitsidwa pomaliza, mukatsimikiza zotuluka. Yachiwiri ndi yakuti mawailesi amakhala ozimitsa poliza injini, ndiye kuyamba kuwayatsa kuti muitane thandizo ndi kutaya masekondi amene simungawapezenso. Amene ali panja ndi amene aitane ozimitsa moto.

Kodi muzungulitse mpaka liti? Malire a sitata aja asakudetseni nkhawa pa nthawi ngati imeneyi, chifukwa sitata yopserera imasinthidwa. Chimene muyenera kuyang'ana ndi khalidwe la motowo. Ngati pakadutsa masekondi owerengeka utsi ukuchulukirabe, malawi akuonekera pamwamba pa chivundikiro, kapena utsi wayamba kulowa m'kati, ndiye kuti moto wachoka m'kabokosi ndipo kuzungulitsa sikungathandizenso. Zimitsani zonse ndi kutuluka. Pakati pa injini ndi malo okhala anthu pali khoma lachitsulo lotchinga moto, koma ntchito yake ndi kukugulirani nthawi yotulukira, osati kukulolani kukhalabe pampando. Masulani malamba, thandizani amene muli nawo, mulowere cha kumchira ndi kumene mphepo ikuchokera, kutali ndi pulopela.

Pozimitsa, musatsegule chivundikiro cha injini, chifukwa mudzaupatsa moto mpweya wambiri ndi kuulozetsa kumaso kwanu. Fayirani kudzera pa mpata wa kunsi kwa chivundikiro kapena polowera mpweya, mutaima pamene pulopela singakufikeni, popeza waya wozimitsa magineto ukapsa injini ikhoza kulira pulopela ikangosuntha ngakhale kiyi ali m'thumba mwanu. Chozimitsira chaching'ono cha m'ndege, chomwe nthawi zambiri chimakhala cha Halon 1211, chimatha m'masekondi pafupifupi 10, choncho musachiwononge pofayira utsi muli patali. Cha mpweya wa carbon dioxide chimagwiranso bwino ndipo sichisiya zinyalala. Cha ufa chija chimazimitsa moto ndithu, ndipo ngati ndi chokhacho chimene chilipo chigwiritseni ntchito mosazengereza, koma ufa wake umadya aluminiyamu ndi kulowa paliponse, motero amakaniko ayenera kuuzidwa kuti ndege itsukidwe msanga. Madzi musawayese pa moto wa mafuta, amangoumwaza.

Moto ukazima ndegeyo isauluke, ngakhale utaoneka kuti unali waung'ono ndipo injini ikulira bwino. Sefa yopserera ikhoza kuthothoka n'kukatseka kabyuleta muli m'mwamba, ndipo paipi ya mafuta imene yamva kutentha ikhoza kuoneka yabwino kunja pamene m'kati yauma. Makaniko wovomerezeka achotse chivundikiro, ayendere sefa, kabokosi, kabyuleta, mapaipi a mafuta ndi a oyilo, mapaipi ofewa onyamula mpweya, mawaya onse ndi zingwe za throttle ndi mixture, asainire m'buku, ndiyeno ndege ibwerere pantchito.

Vuto likamabwerabwera

Sukulu imene yaona moto wotere kapena backfire kangapo isamangodzudzula wophunzira wa tsikulo. Iyambe yafufuza kuti zochitikazo zikufanana pati. Ngati ndi munthu mmodzi pa ndege zosiyanasiyana, vuto ndi chizolowezi chake. Ngati ndi ophunzira a mphunzitsi mmodzi, vuto lili m'kaphunzitsidwe, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti mphunzitsiyo amapopa throttle yekha mosadziwa, ophunzira n'kumatengera zimene akuona m'malo mwa zimene akumva. Ngati ndi ndege imodzi kwa anthu osiyanasiyana, vuto lili m'makina.

Pa makina, ndingayambe ndi primer, chifukwa ndi imene imabala zizolowezi zoipa mwakachetechete. Timabowo take timatsekeka ndi zinyalala pakapita nthawi, ndipo m'ndege zina timapaipi take sitifika n'komwe kumasilinda onse. Primer ikafooka injini imavuta kulira, wina amatulukira kuti kupopa throttle kumathandiza, ndipo posakhalitsa sukulu yonse imanena kuti ndege yakutiyakuti imalira ikapopedwa kanayi. Mawu oterewa akamveka pakati pa ophunzira, ndi lipoti la chinthu chowonongeka limene silinalembedwe. Primer yotayikira kapena yosatsekeredwa bwino imachita zosiyana, imalowetsa mafuta owonjezera nthawi zonse ndi kuchititsa injini kulira mosakhazikika ikakhala pa mphamvu yochepa.

Chachiwiri ndi kabyuleta yeniyeniyo. M'kati mwake muli kachitsulo koyandama ndi kasingano kotseka mafuta akadzaza, ndipo zimenezi zikatha kapena kukakamira mafuta amasefukira okha popanda wokhudza throttle. Pa ndege zimene mapiko ake ali pamwamba pa thupi la ndege monga Cessna, zomwe mafuta amatsika okha kuchokera m'mapiko, kusefukiraku kumapitirira ngakhale ndege itaimikidwa usiku wonse valavu ili yotsegula. Utoto wabuluu uja ndi mboni yabwino: mawanga abuluu pa kabokosi, m'kati mwa chivundikiro kapena pa mwendo wa tayala lakutsogolo amasonyeza pamene mafuta akhala akudutsa ndi kuuma. Poyendera ndege musanakwere, gwadani muyang'ane pamenepo ndipo mununkhize. Muonenso ngati mbalame sizinamange chisa m'chivundikiro, chifukwa udzu wouma pamwamba pa masilinda umasandutsa lawi laling'ono kukhala moto waukulu.

Chachitatu ndi kayatsidwe. Injini ikamalira, mapulagi amathetheka pisitoni isanafike pamwamba, kutatsala madigiri 25 a kuzungulira kwa injini pa O-320, koma poliza injini imazungulira pang'onopang'ono, ndiye kuthetheka kuyenera kuchedwetsedwa mpaka pisitoni ifike pafupi ndi pamwamba. Ntchitoyi imagwiridwa ndi kachipangizo ka sipuling'i kotchedwa impulse coupling, kamene kamachedwetsa magineto kenako n'kuwafulumizitsa mwadzidzidzi kuti moto wa pulagi ukhale wamphamvu. Kakafooka, injini imavuta kulira, imabwezera pulopela m'mbuyo, kapena imachita backfire. Mapulagi odzaza ndi mtovu wochokera m'mafuta, mpata wolowetsa mpweya pamalo olumikizira mapaipi, valavu yokakamira injini ikazizira, ndi batire lokalamba, zonsezi zimathera pamalo amodzi: injini yosalira msanga ndi munthu wowonjezera mafuta.

Injini zopanda kabyuleta

Cessna 172R ndi 172S zili ndi injini ya Lycoming IO-360-L2A, imene mafuta amafayiridwa pakhomo pa silinda iliyonse. Ilibe primer yamanja, ndipo kupopa throttle sikutulutsa mafuta alionse. Izi zachepetsa moto wa m'kabokosi, koma sizinathetse vuto, chifukwa pampu yamagetsi imatha kuthira mafuta ambiri m'kanthawi kochepa. Injini ikazizira, mumayatsa pampu, kukankha mixture kwa masekondi atatu mpaka asanu kufikira geji ya mafuta isonyeze kuti akuyenda, kenako kudula mixture ndi kuzimitsa pampu musanalize, n'kudzakankha mixture injini ikagwira. Amene amaiwala kudula mixture pampu ikuyenda amadzaza mapaipi, ndipo mafuta otsala amatulukira pa kapaipi kotayira n'kudikha pansi, pafupi ndi ekizozi. Nthawi yovuta kwambiri pa injinizi ndi pamene wophunzira wina wangotsika ndipo wina akukwera, injini ikadali yotentha. Timapaipi ta mafuta timadutsa pamwamba pa masilinda, mafuta amawira m'menemo, injini imavuta kulira, ndipo wosazindikira amathira ena. Buku limati injini yotentha isapopedwe mafuta, ndipo ikakhuta ilizidwe mixture ili yodula, throttle ili yotsegula theka kapena yonse.

Kuzizira ndi kaphunzitsidwe

Kumene kumazizira kwambiri, mankhwala a injini yovuta kulira ndi kuitenthetsa isanalizidwe, osati kuiwonjezera mafuta. Kampani yopanga injini ya Lycoming imalangiza kutenthetsa injini kuzizira kukapitirira madigiri 12 a Celsius pansi pa ziro, ndipo inzake ya Continental imayambira pa madigiri 7 pansi pa ziro. Masukulu ambiri amayamba kutenthetsa kusanafike pamenepo, ndipo ndikuona kuti amachita bwino, popeza injini yofunda imalira ndi mafuta ochepa komanso siperepeseka m'kati. M'mawa wotere ndi bwinonso kuti munthu mmodzi aime chapatali kumbali, pamene woyendetsa akumuona, atanyamula chozimitsira chachikulu, chifukwa iye adzaona lawi loyamba limene wa pampando sangalione.

Ndondomeko ya moto poliza injini ndi imodzi mwa zimene sizipereka nthawi yotsegula buku, choncho iyenera kukhala m'manja. Mphunzitsi akhale ndi wophunzira m'ndege yozimitsa, kiyi ali kunja, anene kuti moto, ndipo wophunzira agwire chilichonse motsatana uku akutchula, kuyambira pa kiyi, throttle, mixture, valavu ya mafuta, mpaka pa lamba ndi chitseko. Achite zimenezi mobwereza masabata osiyanasiyana, makamaka wophunzira asanayambe kuuluka yekha, pakuti tsiku limene adzalize injini popanda womuyang'anira ndi limene adzafune kwambiri kuti ilire pa kuyesa koyamba. Aphunzitsidwenso kumasula chozimitsira pamalo pake ali womanga lamba, chifukwa tizitsulo tochigwirira timalimba kuposa mmene ambiri amaganizira. Anthu okwera nawo auzidwe katsegulidwe ka chitseko injini isanalizidwe, makamaka pa PA-28 yomwe ili ndi chitseko chimodzi kumbali yamanja, moti woyendetsa wa kumanzere sangatuluke mnzakeyo asanatuluke.

Backfire iliyonse, ngakhale yopanda moto, ilembedwe m'buku la zovuta za ndegeyo pamodzi ndi kuzizira kwa tsikulo, kuchuluka kwa kupopa, ngati injini inali yotentha kapena yozizira, ndi kuyesa kwachingati kumene zinachitikira. Makaniko akaona mizere itatu yotere pa ndege imodzi amadziwa poyambira, pa primer, pa kabyuleta kapena pa magineto, ndipo amatha kuikonza sefa ikadali youma.